Kugiya: Mwambo wa Angoni Wotchula Poyera Zimene Munthu Amatha

Mu November 1835, chikhamu cha anthu chinafika pagombe la mtsinje wa Zambezi, chakufupi ndi Zumbo, pamene Luangwa amathira madzi ake. Tsiku lowoloka, dzuwa linada masanasana. Kadamsana ameneyo ndiye anathandiza akatswiri a mbiri yakale kutsimikiza mwezi ndi chaka chimene Angoni a Zwangendaba Jere anaponda tsidya lino. Anali atatha zaka zoposa 15 ali paulendo, akumenya nkhondo, akutenga anthu ndi ziweto, akumanga midzi n'kuisiyanso. Zambiri zimene anachoka nazo kwawo zinathera m'njira. Koma mwamuna aliyense wogwira chishango anawoloka ndi chuma china chosasowa mtolo: mayina ake a chitamando, onena zimene anachita ndi zimene amatha.

Mayinawa anali a mitundu iwiri. Ena anali obadwa nawo, a mfunda, amene mpaka lero amamveka munthu akamathokoza mnzake atalandira chakudya kapena mphatso: uyu Jere, uyu Maseko, uyo Thole, Nhlane, Gama kapena Ndhlovu. Zithokozo zimenezi mwana amangozipeza, monga amapezera mudzi wa bambo ake. Koma panalinso mayina ochita kukhetsera thukuta. Mnyamata wothamanga kuposa anzake, mlenje amene sanathawe nyalugwe atamulumphira, msilikali amene anayamba kulowa m'linga la adani, aliyense ankakhala ndi mawu akeake omutamanda. Ena mwa mawuwo ankamupekera anzake. Ena ankadzipekera yekha, n'kumawatchula ndi pakamwa pake anthu akumva, ndipo panalibe womunena kuti wadzikweza.

Mwambowu unachokera kum'mwera, m'dera limene lero ndi KwaZulu-Natal. Zwangendaba anali mmodzi wa akuluakulu a nkhondo a Zwide, mfumu ya Andwandwe. Cha m'ma 1819 Andwandwe anagonja kwa Shaka, mfumu ya Azulu, kufupi ndi mtsinje wa Mhlathuze, ndipo magulu angapo anathawira kumpoto. Kwa anthu a kumeneko, zibongo, kapena kuti mayina a chitamando, zinali mbiri ya munthu. Mfumu inali ndi mbongi wake, katswiri wolakatula zochita za mfumuyo ndi za makolo ake, koma munthu wamba nayenso anali ndi zibongo zake zazifupi, zimene zinkatalika pamene zochita zake zinkachuluka.

Zwangendaba anamwalirira ku Mapupo, m'dziko la Afipa ku Tanzania, cha m'ma 1848, ndipo anthu ake anagawikana. Mwa ana ake, Mpezeni anakakhazikika ku Chipata, M'mbelwa ku Mzimba, ena anapita ku Songea, enanso kumpoto kufupi ndi nyanja ya Victoria. Angoni a Maseko anayenda njira yawoyawo: motsogozedwa ndi Mputa anafika ku Songea, kenako Chidyaonga anawabweza kum'mwera mpaka ku phiri la Domwe, ndipo zidzukulu zawo ndi zimene zili ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Angonia. Kulikonse kumene anafika, chinthu choyamba kumanga chinali chibaya, khola lalikulu la ng'ombe pakati pa mudzi. M'menemo ndimo ankakambira milandu, ankapembedzera mizimu ya makolo, ndiponso ndimo mwamuna ankadziwika kuti ndi ndani.

Impi, gulu la asilikali, ikabwerako kunkhondo, asilikali sankangomwazikana aliyense kulunjika kukhomo kwake. Ankayamba alowa m'chibaya cha kwa mfumu, n'kuima mozungulira, zishango kumanzere, mikondo ndi zibonga kumanja. Magule a Angoni sankadalira ng'oma yoomba ndi manja. Mapazi ogunda pansi pamodzi, zishango zomenyedwa, ndi mawu a amuna zinali zokwanira kugwedeza mudzi. Gule wa ligubo akafika pachimake, mmodzi ankatumphuka kuchoka pamzere n'kulowa pakati yekha. Apa ndiye pankayambira kugiya. Ankalumpha, kubwerera chambuyo, kugwada ndi bondo limodzi, kubaya m'malere, kutchinga ndi chishango, kusonyeza ndi thupi lake lonse momwe zinayendera tsiku limene anakumana ndi mdani. Anzake ankafuula mayina ake a chitamando, iye akuyankha, amayi akuimba nthungululu. Akamaliza ankabwerera pamzere, wina n'kulowa.

Mphamvu ya mwambowu inagona pa mboni. Amene ankafuula mayina a wovinayo anali anthu omwe aja anali naye kunkhondo, amene anaona ndi maso ngati anatsogola kapena anabisala kumbuyo kwa anzake. Munthu sakanavina nkhondo imene sanamenye pamaso pa anthu amene anamuona akuthawa. Kukula kwa mfuu ya anzake ndiko kunkasonyeza kulemera kwa dzina lake, ndipo mfumu, itakhala ndi nduna zake, inkamva zonse. Amene watsimikizika kuti ndi ngwazi ankatha kupatsidwa ng'ombe, kukwezedwa kukhala wotsogolera anzake, kapena kuitanidwa pabwalo pokambirana za nkhondo yotsatira. Choncho kudzitchula kunali ndi malo ake, nthawi yake ndi oweruza ake. Wodzichepetsa mopitirira ankamana gulu lake chidziwitso chofunika, chifukwa nduna yokonza nkhondo inkayenera kudziwa amene angathamange usiku wonse, amene angazonde mudzi osaonedwa, ndi amene sanjenjemera pachipata.

Kunja kwa chibaya, Mngoni yemweyo ankayenera kukhala wodzigwira. Margaret Read, mayi wa ku Britain amene anakhala pakati pa Angoni a ku Mzimba ndi ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1930, analemba zambiri za kaleredwe ka ana awo m'buku lake la mu 1959, Children of Their Fathers. Anaona kuti ulemu ndi kudziletsa zinali pamtima pa maphunziro onse. Mnyamata akagula mano ankachoka kwa amayi ake n'kukagona ku laweni, mphala ya anyamata, kumene aakulu ankalamulira aang'ono. Masana ankapita kubusa. Kumeneko ankaphunzira kudziwa ng'ombe iliyonse ndi mtundu wake ndi nyanga zake, kuponya chibonga, kulimbana, kusaka mbalame ndi akalulu, ndi kupirira njala. Kubusa kunalibe bambo womuikira kumbuyo. Mwana wa nduna akagwetsedwa ndi mwana wa munthu wamba, onse ankaona, ndipo aliyense ankakula akudziwa bwinobwino pamene iye ali wamphamvu ndi pamene mnzake amamuposa. Pofika tsiku lake loyamba kugiya, anali atayesedwa kale kambirimbiri.

Amayi sankagiya ndi mkondo, koma sanali oonerera chabe. Nthungululu zawo ndi kuwomba m'manja kwawo zinali mbali ya chiweruzo, ndipo mpaka lero pa gule wa ingoma mayi amalowa m'bwalo kukapukuta thukuta mwamuna amene wavina mogwira mtima. Amayi aakulu a kubanja lachifumu anali ndi midzi yawo ndi anthu awo, ndipo mawu awo ankamveka pa nkhani za ufumu. Kwa Amaseko, dzina la Namulangeni, mayi wake wa mfumu Chikuse, limakumbukiridwabe pamodzi ndi mayina a mafumu.

Chifukwa china chimene mwambowu unalimbira n'chakuti Angoni enieni ochoka kum'mwera anali ochepa. Gulu lawo linkakula ngati mtsinje wolandira timitsinje m'njira: Atsonga, Akalanga, Ansenga, Asukuma, Atumbuka, Achewa ndi ena ankalowetsedwa m'midzi ndi m'magulu a nkhondo. John Barnes, amene anafufuza za Angoni a Mpezeni n'kutulutsa buku lake mu 1954, anasonyeza kuti ufumu wawo unkakhalapo chifukwa cha kulowetsa anthu atsopano kosalekeza. Mu ufumu wotere, magazi okha sakanakwanira. Wogwidwa kunkhondo akaonetsa luso ankatha kukwera mpaka kukhala ndi anthu akeake. Ng'onomo Makamo, amene anatsogolera impi za M'mbelwa ndipo dzina lake linkaopedwa kuyambira ku Mzimba mpaka kunyanja, anali wa mbumba ya Atsonga otengedwa kufupi ndi Delagoa Bay. Chiwere Ndhlovu anali Mnsenga wogwidwa, koma anadzakhala mtsogoleri wa nkhondo, kenako anapatukana ndi anzake n'kukakhazikitsa ufumu wake ku Dowa.  Anthu ngati amenewa analibe mzere wa makolo achifumu woti mbongi autchule. Chimene anali nacho ndi zochita zawo, ndipo chibaya chinawapatsa bwalo lozinenera.

Mbiriyi ili ndi mbali yake yowawa, ndipo siyenera kubisidwa. Zambiri zimene ankavinira m'chibaya zinali misozi kwa ena. Achewa a m'zigwa za Lilongwe ndi Kasungu ankakhala m'malinga, ena kuthawira m'mapiri ndi pazilumba. Minda inkasiyidwa, nkhokwe zinkatenthedwa, ana ankalekanitsidwa ndi makolo awo. Atonga amene anali pansi pa M'mbelwa anagalukira m'zaka za m'ma 1870 n'kubwerera kunyanja, ndipo cha m'ma 1880 Atumbuka a Baza Dokowe anaphedwa ambiri pa phiri la Hora atayesa kuchita chimodzimodzi. Luso limene linkatamandidwa kwambiri masiku amenewo linali luso la mkondo.

Nthawi ya mkondo inatha mofulumira. Mu 1896 asilikali a boma la Britain anagonjetsa Amaseko n'kupha mfumu yawo, Gomani Woyamba. Kumayambiriro kwa 1898 impi za Mpezeni zinagonja kwa mfuti zamakina, mwana wake Nsingo anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Angoni a ku Mzimba analowa mu ulamuliro wa atsamunda mu 1904 popanda nkhondo, atakambirana ndi mkulu wa boma la atsamunda, Alfred Sharpe. Kuyambira pamenepo mnyamata wa Chingoni ankakula ndi chishango chopanda kokachigwiritsa ntchito. Funso limene linatsala linali lakuti munthu adzadziwika ndi chiyani.

Yankho loyamba linachokera kumene ambiri sankayembekezera. Amishoni a Livingstonia analowa kwa M'mbelwa kudzera mwa William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale, amene ankamvana chilankhulo ndi Angoni. Anagwira ntchito ku Njuyu mpaka pamene anamwalira mu 1886. Mu 1890 Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara anakhala oyamba kubatizidwa m'dzikolo. Mawelera, mwana wa sing'anga wodziwika, anali ndi mphatso ya nyimbo, ndipo sanaikwirire. Anatenga mayimbidwe a makolo n'kuikamo mawu a chikhulupiriro chake chatsopano. M'mishoni Donald Fraser, amene anafika mu 1896 n'kudzakhazikika ku Loudon, komwe ndi ku Embangweni, anaona kuti anthuwa anazolowera kupikisana poyera, ndipo anayambitsa mipikisano yopeka nyimbo. Aphunzitsi ndi magulu a m'midzi ankabwera ndi nyimbo zawo zatsopano, kuziimba pamaso pa khamu, zabwino n'kusankhidwa. Mmenemo munatuluka akatswiri monga Peter Thole ndi Charles Chinula. Nyimbo zawo zinalowa m'mabuku a mpingo, zikuimbidwabe m'matchalitchi a CCAP, ndipo zina zinamasuliridwa m'Chingerezi mpaka kukafika m'mabuku a nyimbo a ku Scotland. Ana a anthu amene ankatuluka pamzere ndi mkondo tsopano ankatuluka ndi nyimbo, ndipo khamu linali mboni monga kale.

Ena anatuluka ndi cholembera. Yesaya Mlonyeni Chibambo, mphunzitsi amene anadzakhala mbusa, anali mmodzi wa oyambitsa Mombera Native Association mu 1920. Chaka chotsatira analembera akuluakulu a mishoni kalata yodandaula kuti antchito achikuda sankapatsidwa ulemu ndi udindo wolingana ndi ntchito imene ankagwira. Sanalembe ngati wopempha chifundo. Analemba ngati munthu wodziwa kulemera kwa ntchito yake ndi ya anzake. Pambuyo pake anathandiza Margaret Read pa kafukufuku wake, ndipo mbiri ya Angoni imene iye analemba inatuluka m'Chingerezi mu 1942 ndi mutu wakuti My Ngoni of Nyasaland. Ku Ntcheu, Inkosi ya Makhosi Philip Gomani Wachiwiri anaonetsa kulimba mtima kwa mtundu wina. Mu 1953 anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, n'kulimbikitsa anthu ake kusamvera ena mwa malamulo a boma. Atsamunda anamuchotsa paufumu, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Nkhope yake ili pa ndalama ya K50.

Anyamata ambiri anatenga njira ya kum'mwera, kubwerera kumene makolo awo anachokera, koma ulendo uno kukagwira ntchito m'migodi ya ku Johannesburg ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Kumidzi, ulendo wa ku Joni unalowa m'malo mwa impi monga muyeso wa uchamuna. Wobwerako ndi njinga, makina osokera kapena ndalama zogulira ng'ombe za malowolo ankalandiridwa ndi nthungululu. Ingoma, imene ku Ntcheu ndi ku Dedza amati ngoma, inakhala gule wa pachisangalalo, pa ukwati, polonga mfumu ndi pamaliro a akuluakulu. Chingoni chinazilala m'makomo, m'malo mwake munalowa Chichewa, Chitumbuka ndi Chinsenga, koma m'nyimbo ndi m'zithokozo chinatsalira.

M'nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira 1966 mpaka anthu atavotera zipani zambiri mu 1993, chitamando cha poyera chinalunjika kwa munthu mmodzi. Dzina lakuti Ngwazi, limene kale msilikali aliyense wolimba mtima akanatha kulipeza, linakhala la Dr. Hastings Kamuzu Banda. Magule a m'zigawo zonse, ingoma yomwe, ankavinidwa pamisonkhano yake ndi nyimbo zomutamanda. Kale mbongi anali ndi ufulu wolowetsa chidzudzulo m'zibongo za mfumu, mfumuyo ikumva; Leroy Vail ndi Landeg White analongosola za ufulu umenewu m'buku lawo la mu 1991, Power and the Praise Poem. M'Malawi wa nthawi imeneyo ufuluwo kunalibe. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Anthu anaphunzira kuti kuonekera kwambiri kumaitana mavuto, ndipo aluso ambiri anasankha kuweramitsa mutu.

Mantha amenewo anagwera panthaka yachonde, chifukwa mwambo wa Achewa ndi mitundu ina umalemekeza kwambiri kudzichepetsa. Akuluakulu amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo mwambiwu uli ndi nzeru zake: umateteza mudzi kwa odzitukumula. Koma ukamveka molakwika umabala mwana amene amayankha kuti sadziwa kanthu pamene akudziwa, mtsikana wokhoza masamu amene amaopa kukweza dzanja m'kalasi, kapena mmisiri waluso amene amalephera kutchula mtengo woyenera ntchito yake. Olemba anthu ntchito akafunsa wachinyamata kuti anene zimene amatha, ambiri amayang'ana pansi, poopa kuoneka amatama. Ena amaganiza kuti kunena luso lako ndi khalidwe lobwera ndi azungu. Mbiri ya Angoni ikusonyeza kuti m'dziko muno munali kale njira yochitira zimenezi mwaulemu: munthu ankanena zimene wachitadi, pamaso pa anthu omudziwa, n'kubwerera pamzere kuti mnzake naye alowe.

Masiku ano mwambowu umaonekera bwino pa zikondwerero zitatu. Ku Mtenguleni, kufupi ndi Chipata, Ncwala inatsitsimutsidwa mu 1980 itakhala zaka zambiri osachitika, ndipo imachitika kumapeto kwa February chaka chilichonse. Ku Mzimba, a Mzimba Heritage Association amakonza Umthetho patsinde pa phiri la Hora, pamalo omwe aja panakhetsedwa magazi, ndipo lero Angoni ndi Atumbuka amavinira pamodzi. Ku Ntcheu, Amaseko amasonkhana ku Nkolimbo pa Umhlangano, kukumana ndi abale awo ochokera ku Mozambique, ku Tanzania, ku Zambia ndi ku South Africa. Amuna amavala zikopa, nthenga kumutu ndi mangenjeza kumiyendo. Pakati pa gule, wina amatumphukabe kuchoka pamzere n'kugiya yekha, ngakhale kuti Lolemba amakhala ali m'kalasi kuphunzitsa, pamsika kugulitsa mbatata ya kachewere, kapena pagalaja kukonza magalimoto.

Zibongo za mafumu, za Zwangendaba, Mpezeni, M'mbelwa ndi Gomani, zinalembedwa ndipo alakatuli amazitchulabe mafumu akamalowa m'bwalo. Zimene zikutayika ndi za anthu wamba: mayina amene agogo anapatsidwa kubusa, amene anadzipatsa atabwerako ku Joni, amene mayi wina anatchukira nawo chifukwa cha luso lake loumba mbiya kapena lothandiza amayi pobereka. Mayina otere sali m'buku lililonse. Ali m'mitu mwa okalamba a ku Mpherembe, ku Lizulu, ku Mtakataka ndi m'midzi ya kwa Mpezeni, ndipo nkhalamba ikamwalira amapita nayo. Magulu osunga chikhalidwe ayamba kuphunzitsanso Chingoni kwa achinyamata, ndipo foni ya m'manja yojambula mawu ikupezeka pafupifupi m'mudzi uliwonse. Mdzukulu amene angakhale pansi ndi agogo ake n'kuwafunsa dzina limene anzawo ankawafuulira, ndi chimene anachita kuti alipeze, adzamva mbiri ya banja lake imene sanaimvepo, ndipo mosakayika agogowo adzamufunsa nayenso kuti anzake amamudziwa ndi luso lanji.